Tsiku la katemera wa poliyo pa chipatala chaching'ono: kuyambira m'filiji mpaka kwa mwana amene sanabwere

Malangizowa ndalembera anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka amene amapereka katemera wa ana pa chipatala chaching'ono cha m'dera. Kudontheza madontho awiri m'kamwa mwa mwana si nkhani yovuta, aliyense angaphunzire tsiku limodzi. Chovuta n'chakuti madonthowo afike m'kamwa akadali ndi mphamvu, ndiponso kuti mwana amene anabwera ali ndi masabata 6 abwerenso pa masabata 10 ndi 14. Pa ziwirizi ndi pamene ndikhalitse kwambiri.

Dziwani kaye zimene mukauze makolo

Kachilombo ka poliyo kamalowera pakamwa, kamakaswana m'matumbo, kenako kamatuluka ndi chimbudzi. Mwana amene watenga amakhala akukatulutsa kwa masabata angapo, ndipo kamafika kwa anzake kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzicho. Ana ambiri otenga kachilomboka saoneka n'komwe kuti akudwala. Ena amangotentha thupi, kumva mutu, kusanza kapena kuuma khosi kwa masiku ochepa. Koma mwa anthu 200 amene atenga, pafupifupi mmodzi kamamulowa m'mitsempha ya mumsana, ndipo mwendo umene dzulo unkathamanga umalefuka m'maola owerengeka, osadzabwereranso mwakale. Mwa opuwalawo, 5 mpaka 10 pa 100 alionse amamwalira chifukwa minofu yopumira nayonso imasiya kugwira ntchito. Mankhwala ochiza palibe. Chimene chimatsala ndi kulimbitsa ziwalo, zitsulo za m'miyendo ndi ndodo zoyendera.

Nambala ya 200 ija musaiiwale. Mukaona mwana mmodzi wopuwala, dziwani kuti pali ena ambirimbiri amene akuyenda nako kachilomboka ali bwinobwino.

Makolo ena adzakuuzani kuti poliyo inatha kalekale, ndipo sakunamiratu. Mu 1988, pamene mayiko anagwirizana pa msonkhano wa WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, kuti athetse matendawa, ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse m'mayiko oposa 125. Pa mitundu itatu ya kachilombo kachilengedwe, mtundu wachiwiri analengeza kuti unatha mu 2015, wachitatu mu 2019. Woyamba udakalipo ku Afghanistan ndi ku Pakistan. Chigawo cha Africa analengeza mu Ogasiti 2020 kuti mulibenso kachilombo kachilengedweka, koma mu Febuluwale 2022 kanapezeka mwa mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe, ndipo atapima anapeza kuti gwero lake linali ku Pakistan. Chaka chomwecho ana ena anapuwala nako ku Tete, ku Mozambique. Kachilombo sikafuna chilolezo kuti kadutse malire. Malinga ngati kwinakwake kadakalipo, mwana wosalandira katemera ali pangozi kulikonse kumene ali.

Werengani ana anu lisanafike tsikulo

Kudakali masiku angapo, khalani pansi ndi kaundula wa katemera pamodzi ndi kaundula wa ku chipinda chochilira. Lembani ana amene abadwa mwezi uno, amene akuyenera kubwera kudzalandira kachiwiri kapena kachitatu, ndi amene anayenera kubwera mwezi watha koma sanaoneke. Funsaninso alangizi za ana obadwira kunyumba ndi mabanja amene angosamukira kumene m'dera lanu, chifukwa amenewa m'kaundula mulibe. Nambala imene mwapeza ndiyo ikuuzeni mabotolo a katemera, majakisoni, thonje, makhadi atsopano ndi mabokosi otayiramo singano amene mukufuna. Onjezerani pang'ono pamwamba pake. Palibe chofooketsa mayi ngati kuyenda ulendo wautali ndi mwana kumbuyo n'kukauzidwa kuti katemera watha.

Ndondomeko imasiyana pang'ono dziko ndi dziko, choncho tsatirani imene unduna wanu wa zaumoyo unalemba pa khadi la mwana. M'mayiko ambiri imayenda chonchi: katemera wodontheza, uja timati OPV, amaperekedwa mwana akangobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14. Wobaya, uja timati IPV, amaperekedwa pa masabata 14, ndipo mayiko ambiri tsopano anawonjezera wachiwiri, kawirikawiri pa miyezi 9. Pakati pa madontho oyamba ndi otsatira payenera kudutsa masabata osachepera anayi.

Filiji

Apa ndi pamene ntchito yambiri imafera popanda wodziwa. Katemera amene wawonongeka ndi kutentha amaoneka chimodzimodzi ndi wabwino, mwana amameza, khadi limalembedwa, aliyense amapita kwawo ali wokondwa, koma mwanayo sanatetezeke.

Filiji ya katemera izikhala pa madigiri 2 mpaka 8. Muziwerenga ndi kulemba pa pepala lake kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchitoyi ndi yake, ndi wina womulowera akachoka. Mufiliji imeneyi musalowe madzi akumwa, chakudya cha ogwira ntchito kapena zinthu zokapimidwa ku labu. Kuitsegulatsegula kumatulutsa kuzizira. Mugwirizanenso pasadakhale kumene mungasamutsire katemera magetsi akazima nthawi yaitali kapena filiji ikafa, ndipo mulembe zimenezo papepala lomata pakhoma pomwepo, kuti amene ali pa ntchito usiku asachite kuganizira.

Akatemera awiriwa ali ndi makhalidwe osiyana, ndipo ambiri amasokoneza. OPV ndi amene amaopa kutentha kuposa akatemera ena onse a ana, koma kuuma ndi chisanu sikumuwononga. IPV naye amaopa kutentha, koma akangouma ndi chisanu wafa. Musamuike pafupi ndi mbali ya filiji imene pamaundana ayezi, ndipo musamugundanitse ndi ayezi wolimba m'bokosi lonyamulira. Njira ija yogwedeza botolo pofuna kuona ngati katemera anauma, pa IPV sigwira ntchito. Mukangokayikira kuti anauma, muchotseni ndipo mudziwitse akuluakulu anu.

M'mawa wa tsikulo, tulutsani mapaketi a ayezi mufiliji n'kuwayala pa tebulo. Dikirani mpaka mukagwedeza paketi muzimva madzi akukhuchumuka m'kati. Pamenepo ndiye aikeni m'mbali mwa bokosi, katemera pakati, siponji pamwamba, n'kutseka. Musanaike botolo lililonse, liyang'aneni zinthu zitatu. Choyamba, pepala lake lilipo ndipo likuwerengeka? Chachiwiri, tsiku lothera mphamvu silinadutse? Chachitatu, kachizindikiro ka VVM kakuti chiyani? Kachizindikiro kameneka, kamene kamaonetsa ngati katemera wawonongeka ndi kutentha, ndi kabwalo kodera kamene m'kati mwake muli kabokosi ka ngodya zinayi. Kabokosiko kakakhala kowala kuposa kabwalo, katemera ali bwino. Kakayamba kuda koma kakadali kowalirapo, gwiritsani ntchito botolo limenelo poyamba, ena adikire. Kakafanana mtundu ndi kabwalo, kapena kuda kuposa, botolo limenelo latha ntchito, ngakhale tsiku lothera mphamvu likadali kutali. Muziyang'ana pa malo owala bwino, osati m'kachipinda kamdima mutatsinzinira diso limodzi chifukwa cha changu.

Konzani malo, yang'anani khadi

Sankhani malo a mthunzi, ndipo bokosi la katemera lisaombedwe ndi dzuwa. Anthu azilowera mbali ina n'kutulukira ina: kulembetsa, sikelo, katemera, kenako pokhala podikira pang'ono. Pakhale madzi ndi sopo. Izi n'zodziwika, sinditaya nazo nthawi.

Chimene chimafuna maso ndi khadi. Musafunse mayi kuti "Lero ndi katemera wanji?" Werengani nokha tsiku lobadwa la mwana ndi masiku amene analandira akatemera am'mbuyo. Mwana akachedwa, ngakhale ndi miyezi ingapo, sayambiranso poyamba. Amapitiriza pamene analekezera. Khadi likatayika, fufuzani m'kaundula, lembani lina, ndipo ngati palibe umboni uliwonse woti analandira, mupatseni.

Chimfine, chifuwa, kutsegula m'mimba pang'ono, kutentha thupi pang'ono, kunyentchera, kubadwa masiku asanakwane, zonsezi si zifukwa zobwezera mwana. Ndipotu mwana wonyentchera ndiye akufunika katemera kwambiri. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV nayenso alandire monga anzake. Amene muyenera kuonetsa kwa dokotala kaye ndi mwana wodwala kwambiri woti agonekedwe, mwana amene thupi lake linakana koopsa katemera yemweyo ulendo wapita, ndi mwana amene zikudziwika kuti chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka kwambiri, monga amene akulandira mankhwala a khansa. Wogonekedwayo alandire akamatuluka, asapite kwawo chimanjamanja.

Kudontheza ndi kubaya

Yambani ndi katemera wa pakamwa mwana akadali phee, jakisoni abwere pambuyo. Mayi akhale pansi, amugoneke mwana pamiyendo mutu utapendekera kumbuyo pang'ono. Finyani masaya a mwana mofatsa ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kamwa litseguka lokha. Gwirani botolo mopendeketsa pamwamba pa kamwa, dontho loyamba ligwe pa lilime, lachiwiri litsatire. Kansonga kodonthezera kasakhudze milomo, lilime kapena malovu a mwana, chifukwa botolo lomwelo likupita kwa ana ena. Kakakhudza, musapitirize nako. Mwana akalavula, kapena dontho likagwera pa tsaya, bwerezani. Mayi angathe kuyamwitsa nthawi yomweyo, palibe chodikira. Bwezerani botolo m'kampata ka siponji pamwamba pa bokosi, musaligwire m'manja pocheza ndi mayi wotsatira. Dzanja lanu ndi lofunda.

IPV, m'mayiko ambiri, ndi 0.5 ml wobaya mumnofu, pakati pa ntchafu cha kunja, singano itaima chilili. Jakisoni aliyense akhale watsopano, wa mtundu uja wodzitseka wokha ukaugwiritsa ntchito kamodzi, ndipo popani katemera mwana ali kale patsogolo panu. Kupopa majakisoni ambiri n'kuwandandalika pa tebulo n'kolakwika ngakhale mzere utatalika bwanji. Mukamabaya awiri pa ntchafu imodzi, atalikirane masentimita awiri ndi theka. Mwana wamng'ono musamubaye m'thako. Mumadutsa mtsempha waukulu wa mwendo, ndipo mukaulasa mwana angapuwale phazi, chinthu chomwecho chimene mukufuna kumuteteza. Mayi akamayamwitsa pa nthawi yobayayo, ululu umachepa. Mukatha, musavundikirenso singano. Iponyeni m'bokosi lake pompo, ndipo bokosilo likadzaza magawo atatu mwa anayi litsekeni.

Botolo limene mwatsegula, lembanipo tsiku. OPV ndi IPV wa m'mabotolo a ana angapo angathe kugwirabe ntchito mpaka masiku 28, malinga ngati VVM ili pa pepala la botolo ndipo ikadali bwino, tsiku lothera mphamvu silinadutse, ndipo botololo lasungidwa mozizira ndi mwaukhondo. N'chifukwa chake palibe nzeru yobwezera mwana mmodzi poti "sitingatsegule botolo chifukwa cha mmodzi yekha". Tsegulani. Botolo lingapezeke lina, koma mayi amene mwamubwezayo mwina simudzamuonanso.

Mawu anayi mayi asananyamuke

Muuzeni katemera amene mwana walandira ndi matenda amene akumuteteza. Muuzeni kuti pobayidwapo pangatupe pang'ono ndipo thupi lingatenthe kwa tsiku limodzi kapena awiri, aziyamwitsa pafupipafupi, koma kukakula kutenthako kapena mwana akakomoka abwere msanga. Muuzeni tsiku lobweranso, mulilembe pa khadi, ndipo mumupemphe alibwereze ndi pakamwa pake. Pomaliza muuzeni asunge khadilo ndipo azibwera nalo ulendo uliwonse. Adikire pa benchi kanthawi, mphindi 15 kapena kupitirira, musanamulole kupita.

Mayi wochedwa musamukalipire. Sindikunena izi mwaulemu chabe. Mayi amene wanyozedwa pamaso pa anzake sabweranso, ndipo amakauza ena. Nenani kuti, "Mayi, mwachita bwino kubwera naye. Tipitiriza pamene tinalekezera." Kenako mufunseni mwakachetechete chimene chinamutsekereza.

Funso limene mudzalimve kawirikawiri ndi ili: "Analandira kale, bwanji mukumupatsanso?" Yankho loona ndi lakuti madontho a ulendo umodzi sagwira mwa ana onse, makamaka kumene ana amatsegula m'mimba pafupipafupi kapena sadya mokwanira. Ulendo uliwonse umawonjezera chitetezo, ndipo kubwereza sikuvulaza. Akafunsa chifukwa chake pali wodontheza ndi wobaya, afotokozereni kuti wodontheza amalimbitsa m'matumbo, mmene kachilombo kamaswana, ndiye amathandiza kuti mwana asapatsire anzake, pamene wobaya amalimbitsa m'magazi kuti kachilombo kasafike ku mitsempha. Wobayayo anapangidwa ndi Jonas Salk ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1955, wodontheza wa Albert Sabin anatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Si zinthu zoyesera pa ana a lero.

Ena adzakhala atamva kuti katemerayo ndi amene amabweretsa poliyo. Musawaseke, ndipo musabise. Mu OPV muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. M'dera limene ana ambiri sanalandire katemera, kachilombo kofookako kangathe kumadumpha kuchoka kwa mwana wosatetezeka kupita kwa wina kwa miyezi yambiri, mpaka kusintha n'kupezanso mphamvu yopuwalitsa. Kumene ana ambiri analandira, kamasowa kolowera n'kutha. Choncho amene amavulala ndi ana osalandira, ndipo njira yoletsera ndi kupereka katemera kwa ana onse. N'chifukwa chakenso mu Epulo 2016 mtundu wachiwiri unachotsedwa mu OPV wa masiku onse, ndipo kuyambira mu 2021 pakabuka mtundu wachiwiri wochokera ku katemerawu pamagwiritsidwa ntchito katemera watsopano wotchedwa nOPV2, amene sasintha msanga. Kholo limene mwaliuza zoona limakukhulupirirani ulendo wina.

Mzere ukatha, ntchito sinathe

Bwezerani katemera mufiliji, mabotolo otsegula patsogolo kuti adzayambe ndiwo. Yerekezani ana amene mwalemba ndi mabotolo amene atha. Kenako tengani mndandanda uja munalemba poyamba, muchonge amene abwera. Mayina amene atsala opanda chizindikiro ndiwo ntchito yanu yeniyeni ya sabata ino.

Njira yosavuta ndi kabokosi kogawidwa miyezi khumi ndi iwiri. Mwana aliyense akhale ndi kakhadi kake kotsala pa chipatala, kolembedwa dzina lake, la kholo, kumene amakhala, chizindikiro chopezera nyumbayo ndi nambala ya foni ngati ilipo. Akalandira katemera, kakhadiko kapite m'gawo la mwezi umene akuyenera kubweranso. Mwezi ukatha, timakhadi timene tatsalira m'gawo lake ndi ana amene asowa. Gawanani mayinawo ndi alangizi ndi ongodzipereka, aliyense atenge a kufupi ndi kwawo. Imbani foni kaye, ikakanika pitani. Musadikire miyezi itatu. Mwana amene wajomba sabata ino amapezeka mosavuta, koma wa chaka chatha mwina anasamuka.

Mukafika pakhomo, funsani ndipo mvetserani. Zifukwa zake nthawi zambiri si kukana katemera ayi. Mayi anadwala, kapena anaiwala tsiku, kapena ankaganiza kuti atatu aja anakwana, kapena mwana anatentha thupi ulendo wapita ndipo bambo analetsa, kapena tsiku la katemera limagundana ndi ntchito imene imadyetsa banja. Chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala ake. Ngati oletsa ndi bambo kapena agogo, lankhulani ndi iwowo, musamusenzetse mayi uthenga woti akakangane nawo yekha. Ngati mabanja ambiri a mbali imodzi akujomba, vuto si iwo koma mtunda kapena tsiku, ndiye pitani ndi bokosi lanu kumeneko kapena sinthani tsikulo. Pamene pali mphekesera, pitani limodzi ndi mtsogoleri wa m'deralo kapena wa chipembedzo amene anthuwo amamumvera, makamaka amene ana ake analandira.

Mwezi uliwonse dziyeseni ndi kasamu aka. Tiyerekeze kuti ana 100 analandira madontho a pa masabata 6, koma a pa masabata 14 analandira ndi 85. Ndiye kuti 15 pa 100 atayika m'njira. Akapitirira 10 pa 100, pali chimene chikuwabweza, ndipo muyambe kuchifufuza pa chipatala panu pomwe: nthawi yodikira, kalankhulidwe, masiku amene katemera anasowa. Uzaninso anzanu a kolandirira odwala ndi a m'chipinda cha ana kuti mwana aliyense wobwera ndi vuto lina azimuyang'ana khadi. Ana ambiri osowa m'kaundula wanu amadutsa pa khomo la chipatala chomwecho ndi chifuwa kapena malungo, n'kubwerera osafunsidwa.

Masiku a kampeni

Pa kampeni ya khomo ndi khomo, mwana aliyense wa msinkhu umene walengezedwa, kawirikawiri wosakwana zaka zisanu, amalandira madontho awiri posatengera kuti analandira kangati kale. Mukamudontheza mupakeni inki pa kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere, ndipo lembani ndi choko pakhomo monga anakuphunzitsirani. Funsani za khanda logona m'nyumba, mwana wodwala ndi mwana wa alendo, chifukwa amenewa ndi amene satulutsidwa. Nyumba imene mwapeza yotseka ilembeni n'kubwererako madzulo kapena mawa lake. Ngati mukugwiritsa ntchito nOPV2, botolo lililonse, lodzaza kapena lotha, liwerengedwe n'kubwezedwa. Ndipo pakhomo paliponse nenani momveka kuti madontho a kampeni salowa m'malo mwa a kusikelo, tsiku lolembedwa pa khadi lija likadalipo.

Mukaona mwendo wolefuka

Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walefuka mwadzidzidzi, n'kumangoti lendelende popanda kuvulala, mumutenge ngati wa poliyo mpaka labu itakana. Musadikire kuti mutsimikize nokha. Dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya boma lanu tsiku lomwelo. Tengani chimbudzi cha mwanayo kawiri, motalikirana maola osachepera 24, pasanathe masiku 14 chiyambire kulefukako, chifukwa pambuyo pake kachilombo kamayamba kuchepa m'chimbudzi. Ulendo uliwonse mutenge chochuluka ngati nsonga ya chala chachikulu cha munthu wamkulu, muike m'kabotolo kotseka bwino, mulembepo dzina ndi tsiku, ndipo musunge mozizira m'bokosi lakelake limene silinyamulanso katemera. Chifike ku labu pasanathe masiku atatu. Lembani bwino kumene banjalo limakhala, chifukwa pakatha masiku 60 mwanayo ayenera kuonedwanso ngati kulefukako kudakalipo. Podikira zotsatira, mutumizeni kwa a zolimbitsa ziwalo, ndipo yendani m'nyumba zoyandikana nayo muone makhadi a ana onse aang'ono.